Nkhope ya agogo yatuluka ngati phulusa, thandizeni akuluakulu

Kapensulo wa ku Bangwe:
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma lero zandithina. Banja lina kuno kwathu lili ndi mwambo wa chiliza cha agogo awo kumapeto kwa mwezi uno, ndiye andipempha kuti ndijambule malemuwo, chithunzicho chikakhale patebulo tsiku la mwambo, kenako akachipachike pabalaza. Andipatsa kachithunzi kamodzi kokha, kakalekale, masentimita 15 m'litali, 10 m'lifupi. Pensulo ndimaithako, koma penti ndangomuyamba chaka chino. Zandivuta ziwiri. Choyamba, nkhope yatuluka yotuwa ngati munthu wagudubuka paphulusa, chonsecho pachithunzipo ndi mayi wakuda mokongola, wa khungu lowala. Chachiwiri, dzulo ndinakanda pang'ono pakona ndi chikhadabo, penti n'kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Ndikugwiritsa ntchito acrylic. Theka la ndalama ndinalandira kale, ndipo ndinadya.

Chimbalangondo:
Kkkkk mawu omalizawo ndiye vuto lenileni aise. Zinazo ndi zing'onozing'ono.

Wamasaini wa ku Limbe:
Mphwanga, tisanafike kunkhope, ndiuze kaye: ukupenta pa chiyani? Chinsalu, pepala, kapena bolodi? Ngati ndi bolodi, unalitenga kuti?

Kapensulo wa ku Bangwe:
Ndi bolodi achimwene. Linali saini ya grocery ya amalume, yoyera bwinobwino, yosalala ngati galasi. Ndinangolipukuta ndi kansalu konyowa n'kuyambapo.

Wamasaini wa ku Limbe:
Basi, wadziulula wekha. Kusalala kumene wakukondako ndi kumene kwakupweteka. Saini zimenezo timazipaka enamel, penti wa mafuta, wonyezimira uja. Acrylic ndi penti wa madzi. Ukamupaka pamwamba pa enamel wonyezimira amangokhalapo ngati mlendo wodikira basi, alibe pogwira. Zaka zonse ndakhala ndikulemba masaini ndaona anthu akupaka PVA pakhoma lomwe linali ndi gloss, mvula imodzi yokha khoma lonse matuza. Sunga ichi: wa mafuta amakhala bwino pamwamba pa wa madzi, koma wa madzi pamwamba pa wa mafuta amakana.

Usalimbane nacho chimene wapentacho, chasendeka kale mumtima. Tembenuza bolodilo uone kumbuyo kwake. Ngati kulibe penti, gwiritsa ntchito kumeneko. Ngati ukufuna mbali yomweyo, pala zonse, ukwechekweche ndi sandipepa mpaka kunyezimira konse kuthe, upukute fumbi, upake undercoat, uume usiku wonse.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Zikomo a Wamasaini, mwalasa. Ndiwonjezerepo za kukonza popentapo, chifukwa ana ambiri amathamangira nkhope n'kuiwala maziko. M'masitolo a zojambulajambula amagulitsa chopaka choyera chotchedwa gesso, koma kuno sichipezeka wamba ndipo mtengo wake ndi wolira. Ine ndikuphunzitsa tinkachita chonchi: guluu woyera uja wa akalipentala, timusungunule ndi madzi pang'ono, tithiremo choko chosinjasinja chosefa bwino, ndi penti woyera wa PVA. Zikhale ngati phala la mwana, osati ngati nsima. Mupake kopyapyala, ziume, mukwecheko pang'ono ndi sandipepa yosalala, mupakenso modutsa, ndiye kuti ngati poyamba burashi inkapita cham'litali, kachiwiri ipite cham'lifupi. Katatu n'kokwanira. Chokocho ndi chimene chimapereka timano togwira penti. Mukachulutsa choko zimang'aluka, mukachulutsa guluu zimanyezimira n'kuyambanso kuterera, choncho yeserani kaye pa kachidutswa.

Ndipo bolodi lopyapyala muzilipaka mbali zonse ziwiri, apo ayi limapindika ngati lichero.

Mlongo wa ku Joni:
Moni abale. Za bolodi akuuza akuluakulu, ine ndilowe kunkhopeko poti ndi kumene ndimadyera kuno ku Johannesburg. Achimwene, ndinene ndisanaone n'komwe: mtundu wa khungu munaupanga posakaniza wakuda ndi woyera, kapena bulawuni ndi woyera wambiri. Ndanama?

Kapensulo wa ku Bangwe:
Simunaname achemwali. Ndinatenga bulawuni, pofuna kudetsa ndimathira wakuda, pofuna kuwalitsa ndimathira woyera.

Mlongo wa ku Joni:
Phulusa lanu lachokera pomwepo. Wakuda ndi woyera akakumana amabala wotuwa, ndipo wotuwayo amapha mtundu wina uliwonse umene waupeza. Khungu la munthu wakuda lilibe penti wakuda. Yang'anani mkono wanu padzuwa pompano. Muonapo kufiira, muonapo chikasu, pena pomwe pakuwala kwambiri muona ngati buluu kapena pepo, chifukwa khungu lathu limabweza kuwala kwa kumwamba. Mtundu wakuda weniweni muupeza m'kati mwa diso ndi m'mphuno basi, ndipo ngakhale pamenepo ine sindigwiritsa wa m'chubu.

Tengani chubu cha wakudacho mukachibise m'thumba la jekete ya kutchalitchi mpaka ntchito ithe. Woyera mumugwire komalizira, pang'ono ngati mchere.

Ngati muli ndi wofiira, wachikasu ndi wabuluu, muli ndi zonse. Wofiira ndi wachikasu akupatsani wa olenji. Mukadonthezamo buluu pang'ono, olenji uja amasanduka bulawuni wamoyo. Mukafuna mthunzi, onjezani buluu ndi wofiira. Mukafuna powala, onjezani chikasu ndi kawofiira, woyera kadontho. Amene muli ndi mwayi wopeza machubu a mayina, burnt umber (bulawuni woderako) ndi ultramarine (buluu) mukawasakaniza amatulutsa mtundu woderatu, koma wopuma, osati wakufa uja wa m'chubu. Burnt sienna, bulawuni wofiirira, ndiye bwenzi la masaya ndi mphumi.

Chimbalangondo:
Koma abale, bwanji osangopita nacho ku studio akachikulitse pa kompyuta n'kusindikiza? Mawa lomweli chatheka, felemu pamwamba. Masiku ano ngakhale foni ikumakongoletsa zithunzi zakale.

Kapensulo wa ku Bangwe:
Anayesa kale aise. Chithunzicho n'chofufuma, atachikulitsa agogo anangokhala ngati ali m'nkhungu ya chiperoni. Atachikonza ndi foni anatuluka mayi wina wosadziwika, mano oyera mbee ngati wotsatsa mankhwala otsukira m'kamwa. N'chifukwa chake anabwera kwa ine.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Mayi a ku Johannesburg anena zoona za mitundu, koma ndiloleni ndinene kuti mtundu ndi wachiwiri. Choyamba ndi kuwala ndi mdima. Munthu mungamupente wobiriwira ngati masamba a nkhwani, koma ngati powala ndi pamthunzi mwapaika pamalo pake, abale ake amuzindikira. Mungathenso kupeza mtundu wa khungu weniweni, koma mukasokoneza kuwala ndi mdima, mwajambula mlendo.

Mwana wanga, chita izi. Jambula kachithunziko ndi foni, uchotse mitundu chikhale cha black and white. Kenako tsinzina pang'ono, usiye kampata kakang'ono, uyang'ane. Makwinya onse, nsidze, timizeremizere, zizimiririka, utsala ndi zigawo zitatu zokha: poda, pakatikati, ndi powala. Zigawo zitatuzo ndiye nkhope ya agogo. Uyambe kuzipaka ndi mtundu umodzi wa bulawuni wosungunula ndi madzi, ndi burashi yaikulu, ngati ukuzira. Ukaima patali mamita atatu n'kuona kuti akuoneka kale ngati munthu, ndiye uyambe kuika mitundu pamwamba. Ukaona kuti sakuoneka, usapitirire, chifukwa nsidze ndi mphete za m'makutu sizidzapulumutsa chithunzi chimene chalakwika pachiyambi.

Ndinkawalanda ana maburashi ang'onoang'ono sabata ziwiri zoyamba. Ankandida, koma ankaphunzira.

Wamasaini wa ku Limbe:
Aphunzitsi, zolanda maburashizo ndiye munali ankhanza kkk. Koma n'zoona. Burashi yaing'ono imanamiza munthu kuti akugwira ntchito.

Mlongo wa ku Joni:
Chinanso achimwene, musapente pa bolodi loyera mbee. Diso limanamizika, chilichonse chimene mwaika pa choyera chimaoneka choda kuposa mmene chilili, ndiye mumangothira woyera, mumangothira woyera, mapeto ake phulusa lija. Pakani kaye bolodi lonse ndi bulawuni wofiirira wamadzimadzi, aume, ndiye muyambe. Komanso dziwani kuti acrylic akamauma amada pang'ono. Mtundu umene ukuoneka bwino uli wauwisi, pakatha mphindi khumi wasintha. Muzipaka kadontho pambali, kaume, muone.

Za kukulitsa: kachithunzi kanu ndi 10 ndi 15. Dulani bolodi likhale 40 ndi 60, ndiye kuti mwachulukitsa kanayi ndendende. Pa kope ya chithunzicho lembani mabokosi a sentimita imodziimodzi, pa bolodi mabokosi a masentimita anayianayi. Kenako muzisamutsa bokosi ndi bokosi. Ndati pa kope. Chonde musakalembe mizere pa chithunzi cha eni ake, ndi chokhacho chimene ali nacho. Kachiteni fotokope kapena musindikize chimene mwajambula pafoni.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Apa pokha ndisiyana nanu mayi. Mabokosi amalemaza diso. Mwana akazolowera mabokosi, tsiku lomwe adzamuuze kuti jambula munthu uyu wakhala apayu, manja amanjenjemera. Ndi bwino aphunzire kuyeza ndi pensulo, atatambasula mkono, diso limodzi atatseka. Adziwe kuti maso amakhala pakati pa mutu, osati kumwamba kumene ana onse amawaika, ndiponso kuti mpata wa pakati pa maso awiri ndi pafupifupi diso limodzi. Akadziwa zimenezo amaona msanga pamene munthu wina wasiyana ndi anzake, ndipo pamenepo ndi pamene pagona kufanana.

Mlongo wa ku Joni:
Aphunzitsi, ndikukulemekezani, ndipo m'kalasi ndingavomereze. Koma mnyamatayu watsala ndi masabata atatu, ndalama anadya, ndipo amene akujambulidwayo sangabwere kudzakhala pampando. Ana a malemu sakadzamufunsa kuti unayeza bwanji, akadzangoyang'ana n'kunena kuti awa ndi amayi kapena si amayi. Ngakhale Aiguputo akale ankalemba mabokosi pamakoma asanajambule anthu, mizere yake ikuonekabe m'manda ena amene sanamalizidwe. Aphunzire kuyeza ndi diso mwezi wamawa, pojambula anzake pa bawo.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Chabwino, pa ntchito iyi yokha ndagonja. Koma mizereyo ailembe mopepuka ndi pensulo ya HB, osadinikiza. Asatenge 6B, imanyenyeka n'kudetsa penti. Kwa amene simudziwa, H ndi zolimba zolemba motuwa, B ndi zofewa zolemba moda, nambala ikamakwera khalidwelo limakulanso.

Mayi wa ku Linthipe:
Ndakhala ndikuwerenga ndikumwetulira. Mukuvutika kufuna bulawuni m'machubu, chonsecho mukumuponda tsiku lililonse. Ife kuno tikamazira nyumba sitigula penti. Mtsiro wakuda timaudziwa kokautapa kudambo, wofiira ndi katondo, woyera ndi wachikasu uli ndi malo ake m'mbali mwa mtsinje. Mwana wanga wamkazi anayamba kujambulira dothi lomwelo papepala, ndiye ndimamuthandiza kulikonza. Timaviika dothi m'ndowa, kuvundula kwambiri, kudikira pang'ono kuti mchenga ukhale pansi, n'kutsanulira madzi ofiirawo m'beseni lina. Amenewo agone mpaka mawa. M'mawa madzi oyera ali pamwamba, pansi patsala phala losalala ngati ufa woyera. Timakhetsa madziwo, phalalo liume padzuwa, kenako kulipera pamwala. Pofuna kupenta amasakaniza ndi guluu wa akalipentala wosungunula, nthawi zina ndi yolk ya dzira ndi madzi pang'ono. Za dzirazo zimauma msanga ndipo mtundu umawala bwino, kungoti mphemvu zimachikonda chithunzicho kuposa anthu.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Mayi, mwatikumbutsa chinthu chachikulu. Umber ndi sienna amene atchula anzathu a ku Joni aja ndi dothi lomweli. Sienna ndi dothi limene linatenga dzina la mzinda wa Siena ku Italy. Akati burnt ndiye kuti aliotcha. Dothi lachikasu mukaliotcha limafiira chifukwa cha chitsulo chimene chili m'kati mwake, monga mmene njerwa imalowera mu uvuni yotuwa n'kutuluka yofiira. Ndiye mayi, mukaika dothi lanu lachikasu m'chitini pamoto, mupeza mtundu wachiwiri osalipira kanthu. Ndipo penti wa dzira si wachilendo, ku Ulaya ankapentera yemweyo penti wa mafuta asanafale.

Mayi wa ku Linthipe:
Zootchazo sindinkadziwa, tiyesa Loweruka. Komatu kwathu kuno umboni uli m'mapanga. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zija akuti ndi za Akafula, zakale kwambiri. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, dothi loyera lopaka ndi chala, zina za chinamwali, zina za Nyau. Mukapita ku Chentcherere kapena ku Namzeze kapena ku Mphunzi mudzaona nokha. Analibe sitolo, analibe burashi ya nambala, koma zilipobe. Kungoti anthu ena akafika amazithira madzi kuti zioneke bwino pafoni, ena kulembapo mayina awo ndi makala. Zimandiwawa.

Chimbalangondo:
Ndiye mukuti Kapensulo akapente agogo a eni ake ndi matope? Akamuthamangitsa ku chiliza kkkk.

Mayi wa ku Linthipe:
Iwe mwana, amene anakubala anakulira m'nyumba yozira ndi matope omwewo. Sindinati apentere pa ntchitoyi, ndati adziwe kumene mtundu umachokera.

Wamasaini wa ku Limbe:
Mwamuyankha bwino mayi. Ndipo poti aliyense akutamanda chake, nane nditamande enamel wanga. Anthu amamunyoza kuti ndi penti wa mageti ndi mawindo. Koma ku Dar es Salaam, Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 kujambula nyama ndi mbalame ndi penti wa njinga pa timabolodi, anamwalira mu 1972, ndipo mpaka lero kajambulidwe kameneko kakudziwika ndi dzina lake. Enamel saopa dzuwa, saopa mvula. Chinsinsi chake ndi kuleza mtima: mtundu umodzi lero, uume, wina mawa. Ukathamanga amayenderera ngati mamina. Bolodi uzigoneka pansi, osaliimika. Ndipo chonde anyamata, muzipentera panja kapena potsegula mawindo. Thinala amapweteka mutu ndi chifuwa, ndipo zosamba m'manja ndi petulo zija siyani. Pakani mafuta ophikira, penti afewe, kenako sopo.

Koma nkhope ya munthu ndi enamel, mphwanga, usayerekeze panopa. Imafuna dzanja lozolowera.

Wa ku Chipata:
Muli bwanji bonse. Pepani kulowerera nkhani ya anzathu, funso langa ndi laling'ono. Ine ndimapenta ndi watercolour, manje pepala limakwinyika likangonyowa, madzi onse amathawira m'zigwa. Ndichite bwanji?

Mlongo wa ku Joni:
Mukugwiritsa pepala lanji? Ngati ndi la fotokope, limenelo ndi 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), silingapirire madzi. La watercolour lenileni limakhala 300 gsm. Mukapeza lopyapyala, linyowetseni lonse, muligoneke pa thabwa, mumate m'mbali monse ndi tepi ya pepala ija yonyowetsa, liume lokha. Likauma limakungika ngati ng'oma. Ndipo watercolour ndi wosiyana ndi acrylic: iye akauma amawala, ndiye musaope kuika mtundu wokwanira. Muziyamba ndi powala kupita poda, ndipo poyera ndi pepala lenilenilo, muzipasiya osapakapo.

Wa ku Chipata:
Ndi la fotokope ndithu. Zikomo kwambiri amai.

Woyang'anira Gulu:
Ndachotsa uthenga wa munthu amene amatsatsa nsapato. Pano ndi pa zojambula. Pitirizani.

Kapensulo wa ku Bangwe:
Ndabweranso akuluakulu, patha masiku anayi. Ndinatembenuza bolodi, ndinapaka phala la aphunzitsi katatu, ndakanda ndi chikhadabo silikusendeka. Mabokosi ndalemba, zigawo zitatu ndaika. Mlongo wanga wamng'ono atalowa anati "awa ndi agogo a kuseri kwa chigayo aja", ndisanaike ngakhale diso. Ndinatsala pang'ono kuvina. Koma vuto latsopano: kutentha kwa Okutobala kuno, penti akuuma pa mbale ndisanamalize n'kusakaniza komwe. Ndikafuna kusalaza tsaya kuti mthunzi ulowerere bwino m'powala, pakumatsala mzere ngati malire a munda.

Mlongo wa ku Joni:
Mwayenda bwino achimwene! Za kuumazo, pezani kontena yafulati ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro. Pansi yalani kansalu kapena siponji yonyowa, pamwamba pake pepala lija amaphikira makeke. Penti muzifinyira pa pepalalo. Chinyezi chimakwera pang'onopang'ono, penti amakhala wauwisi tsiku lonse, mukavindikira amafika mawa. Mukhalenso ndi kabotolo kopopera madzi. Muzipenta m'mamawa kapena madzulo, osati masana pansi pa malata.

Za malire a mundawo, musalimbane ndi kusalaza ngati penti wa mafuta, acrylic sakupatsani nthawi imeneyo. Sakanizani mtundu wachitatu wa pakati pa awiriwo, muuike pamzerepo ndi burashi youma pang'ono, mokhudzakhudza. Pamene kuwala kukukhotera mumthunzi, mtunduwo ukhale wofiirirako, chifukwa pamenepo ndi pamene khungu limaonetsa magazi. Mukhozanso kusungunula penti ndi madzi n'kupaka kopyapyala kangapo, uku mukudikira kuti aume, koma musachulutse madzi mpaka penti kutha mphamvu yomata.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Pamene wafikapa ndi pamene ambiri amaonongera, ndiye mvetsera. Choyera cha m'diso si choyera, makamaka kwa munthu wachikulire. Chipange chotuwirako, chopita kuchikasu, ndipo kumwamba kwake kukhale mthunzi wa chikope. Kadontho kowala ka m'diso n'kamodzi, kumbali kumene kuwala kukuchokera, maso onse awiri mbali imodzi. Ngati akumwetulira, usawerenge mano limodzilimodzi ndi mizere yakuda, adzaoneka ngati chitsononkho cha chimanga. Makwinya usankhe akuluakulu okha, a pamphumi ndi otsika kuchokera pamphuno. Ukawalemba onse uwakalambitsa ndi zaka makumi awiri, ana awo akakhumudwa.

Ukatopa, chiyang'ane pa kalilole kapena uchitembenuze chadodolido pamodzi ndi chithunzi chija. Diso likazolowera limakhululuka zolakwa, koma ukalisokoneza choncho limaulula kuti diso lina lakwera kapena chibwano chapendama.

Mayi wa ku Linthipe:
Mwanawe, yang'anitsitsa pamasaya ndi pamphumi. Amayi a msinkhu umenewo ambiri anali ndi mphini. Ngati zilipo usazifufute poganiza kuti ukuwakongoletsa. Ana awo amawadziwira zomwezo.

Kapensulo wa ku Bangwe:
Mayi, mwandidabwitsa. Zilipodi, zitatuzitatu patsaya lililonse, ine ndimayesa chithunzi chinakalika. Ndafunsa mwana wawo wamkulu wavomera. Nanga duku ndi chitenje? Maluwa ake ndi ambirimbiri, ndikuopa.

Wamasaini wa ku Limbe:
Penta nsalu kaye ngati ilibe maluwa, mtundu wake waukulu ndi mapindidwe ake, powala ndi poda. Zikauma ndiye uike maluwa pamwamba, ndipo duwa likafika popindika nalonso lipindike, likalowa mumthunzi nalonso lide. Usawajambule onse. Ochepa pafupi ndi nkhope, enawo ongoyerekeza. Anthu akubwera kudzaona agogo, osati kudzagula chitenje.

Wa ku Chipata:
Funso lina kwa aphunzitsi. Makala ojambulira aja mungapange mweka? A pa mbaula amakala pepala.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Mungathe. Dulani timitengo towongoka tonenepa ngati pensulo, ife tinkakonda ta mabulosi, musende makungwa, tiume. Mutilongedze m'chitini chokhala ndi chivindikiro, mubowole kabowo kamodzi pamwamba, muike pamoto. Utsi uzituluka pakabowopo, nthawi zina umayaka. Ukasiya, chotsani chitinicho ndipo musatsegule mpaka chizizire, mukatsegula chikadali chamoto mupeza phulusa. Makala ake ndi ofewa, amafufutika ndi kansalu. Mukamaliza chojambula ena amapopera mankhwala a tsitsi kuti asayoyoke, zimagwira ndithu, koma pakapita zaka pepala limasanduka lachikasu, ndiye pa ntchito yogulitsa funani fixative weniweni kapena muike m'galasi.

Mlongo wa ku Joni:
Poti tatchula moto, amene mwayamba penti wa mafuta samalani ndi tinsanza tonyowa ndi mafuta a linseed osungunulira pentiyo. Mukatiunjika pamodzi timatentha tokha mpaka kuyaka. Muzitiyanika panja kapena kutiviika m'madzi. Kapensulo, inu mukamaliza dikirani masiku angapo musanapake vanishi, ndipo akhale wa madzi woyenera acrylic. Wa mipando uja amachita chikasu, agogo adzaoneka ngati akudwala.

Kapensulo wa ku Bangwe:
Akuluakulu, ntchito ndapereka dzulo madzulo, mwambo ndi mawa. Ndinachikulunga m'chitenje cha amayi n'kuchinyamula pamutu, anthu m'njira kumandifunsa ngati ndagula TV. Nditafika anaitana mwana wamkulu wa malemu, mayi wachikulire ndithu. Anachiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, ine thukuta kamukamu. Kenako anakhudza patsaya pomwe pali mphini paja, n'kutembenuka kukalowa m'nyumba. Atatuluka maso ali ofiira anati, "Amenewa ndi amayi. Koma duku sankamangira kumanja." Pachithunzi paja mfundo ya duku sinkaoneka, ndinangoiika mwa nzeru zanga. Ndathamangira kunyumba kukatenga maburashi, ndasamutsa mfundoyo pakhonde pawo pomwepo ndi tochi ya foni, adzukulu atandizungulira, aliyense akundilangiza.

Vanishi ndinali ndisanapake, mwamwayi. Ndawauza kuti ndidzachitenganso mwambo ukatha.

Mayi wa ku Linthipe:
Mfundo ya duku amafunsa, mwanawe. Mayi aliyense ali ndi kamangidwe kake.

Chimbalangondo:
Nanga theka lotsala lija akupatsa?

Kapensulo wa ku Bangwe:
Akuti mwambo ukatha aise. Koma andipatsa nkhuku yamoyo, ndipo mlamu wawo akufuna ndijambule bambo ake. Chithunzi chake ndi cha pa chiphaso, chili ndi chidindo pachibwano.

Wamasaini wa ku Limbe:
Chimenecho tsegulira nkhani yake payokha, ndipo ulembe kukula kwake. Komanso uwauze amalume ako kuti saini yawo ili kumbuyo kwa agogo, asadzaifune.